Ng'ombe za azakhali Esitele

Sanali azakhali anga enieni. Anali mlongo wa agogo anga aamuna, a Jelemiya Siamutwa, koma poti bambo ankawaitana kuti azakhali, ana tonse pafamu tinangotengera pomwepo. Iwo ankanditcha "amuna anga," monga achitira agogo ndi adzukulu awo. Akandiona ndikuthamanga wosavala malaya ankakuwa kuti, "Anthuni, taonani mwamuna amene ndinakwatiwa naye ine! Nthiti ngati za galu wa m'chilala!"

Anali aafupi, akuda bii, ndipo mano akutsogolo a m'mwamba anawagulula akadali mtsikana, monga unalili mwambo wa kuchigwa masiku amenewo. Fodya ankasutira m'kaliwo wa mphonda wothira madzi, ndipo ukamva kuti gudugudu kuseri kwa khola unkadziwa kuti alipo. Kutchalitchi sankapita. Sankanyengerera mwana, sankaphika bwino, ndipo apongozi onse a pafamu ankawaopa pakamwa.

Anabadwira m'mphepete mwa Zambezi, pamalo pamene lero pali madzi okhaokha. Damu la Kariba litatsekedwa, malole anawatutira kumtunda wa miyala kufupi ndi Sinazongwe, iwo ndi amuna awo a Siabwanda. Nthawi imeneyo a Jelemiya anali atakwera kale mapiri, ali kapitawo pafamu ya mzungu wina cha ku Kalomo. A Siabwanda anaphunzira usodzi ali akuluakulu, ndipo tsiku lina mphepo inawapeza pakati pa nyanja. Anasiya mwana mmodzi wamkazi, Beenzu. Abale a malemu anatenga mbuzi, maukonde ndi chitseko chomwe. Anafunanso kuti mng'ono wa malemuyo alowe m'nyumba, koma azakhali anamutaira katundu wake pabwalo. Atatero anayamba kufulula mowa n'kumagulitsa kwa asodzi. Ndalama ikakwana ankagula msoti wa ng'ombe, ikakwananso ankagula wina. Zinali ng'ombe za kwathu zija, zing'onozing'ono, za nyanga zazitali, zimene zimakhuta ndi masamba a mitengo msipu ukatha.

M'chaka cha 1971 a Jelemiya anatsikira kuchigwa panjinga. Zimene anakambirana tsiku limenelo azakhali ankazifotokoza kawirikawiri, mokweza, ngakhale pa dibi anthu ali mbwee, ndipo agogo sanawatsutsepo ndi kamodzi komwe.

"Mlongo wanga, mzungu uja wapita. Boma likudula famu ija, koma akupatsa munthu amene ali ndi khola looneka ndi ng'ombe zolimira. Ine ndili ndi pulawo ndi njinga basi."

"Ndiye kamangeni njingayo pagoli, achimwene."

"Usaseke, Esitele. Kumeneko kuli dambo losaphwa. Ng'ombe zakozi zikudya miyala kuno."

"Papepala alemba dzina la yani?"

"Akazi sawalemba, iwenso ukudziwa. Koma famu idzakhala ya tonse awiri."

Anayenda masiku asanu ndi limodzi akukusa ng'ombezo kukwera mapiri, iwo ndi Beenzu, amene anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ng'ombe ina inaberekera m'njira, ndipo thole lake analisenza paphewa mpaka linalimba miyendo. Atafika, mlangizi wa boma anabwera, anasuzumira m'khola, nalemba dzina la Jelemiya Siamutwa. Umo ndimo inayambira famu yathu.

Agogo anali munthu wa kumunda. Ankakonda chimanga, thonje ndi mpendadzuwa, ndipo ankatha kuima pamzere tsiku lonse osamwa ngakhale chibwantu, thobwa la kwathu. Za kukhola anazisiya m'manja mwa mlongo wawo. Azakhali ndiwo ankafula nkhunzi, kuphunzitsa mifule goli, kulowetsa dzanja ng'ombe ikalephera kubereka, ndi kusankha yoti iphedwe pamaliro. Ng'ombe iliyonse inali ndi dzina, ndipo ankadziwa amake ndi agogo ake. Agogo anakwatira akazi atatu nabereka ana khumi ndi anayi. Mwana wamwamuna aliyense akafuna banja, malowolo ankatuluka m'khola lomwelo. Amayi anga anawalowola ndi ng'ombe za azakhali. Beenzu atakwatiwa n'kubwerera kuchigwa, ng'ombe za malowolo ake zinalowanso m'khola lomwelo, ndipo sindinamvepo wina akuzisiyanitsa ndi zinazo.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene kunagwa denkete, nthenda ya nkhupakupa ija. Ng'ombe inkayamba kutuluka misozi, kutupa m'khosi, ndipo pasanathe sabata inkagona osadzukanso. Kudibi kunalibe mankhwala. Makola a anansi athu ankatha ngati afisi alowamo, ndipo nyama inatchipa mpaka agalu anayamba kuisankha. Amalonda ankazungulira ndi malole kugula zamoyo pamtengo wa mbuzi. Agogo anagwirizana ndi mmodzi wa iwo kuti atenge khola lonse.

Lole itafika inapeza azakhali atakhala pachipata cha khola, nkhwangwa ili pamiyendo.

"Esitele, choka apo, usandichititse manyazi pamaso pa alendo."

"Manyazi munawasiya kuchigwa tsiku munabwera panjinga. Muuzeni mnzanuyo akweze thonje."

"Zifa zonse izi! Udzadya zikopa?"

"Zikafa zifere m'manja mwanga."

Wamalondayo anaseka, naliza lole yake n'kumapita. Tsiku lomwelo azakhali anakusa ng'ombe zonse kupita kuphiri la kumapeto kwa famu, kumene kunali kutapsa moto chilimwe chimenecho ndipo ng'ombe za anthu ena sizinkafikako. Anamanga msasa nakhala komweko dzinja lonse. M'mawa uliwonse ankagwira ng'ombe imodziimodzi, kuzula nkhupakupa ndi zala m'makutu ndi kunsi kwa mchira, kupaka oyilo wakale wa injini, n'kuzitsuka ndi madzi a mthuthu. Munthu wochokera kukhola lina sankamulola kuyandikira. Yodwala ankaipatula, ikafa ankaikwirira, nyama yake osalola kuti ifike kumudzi. Anatsika mu Epulo ataonda ngati ndodo, zala zitang'ambika, ali ndi theka la khola.

Theka limenelo linatilemeretsa. Chaka chotsatira dera lonse linabwerera ku khasu la manja, ndipo mifule yathu inkalimira anthu kuchokera ku Mukwela mpaka kumsewu wa njanji. Thirakitala yoyamba ya bambo inachokera pamenepo.

Agogo anamwalira mu 1997. Pogawa za malemu, akuluakulu anati famu ikhale m'manja mwa bambo anga, a Andileya, poti ndiwo anali oyamba kubadwa. Anagawa majasi, mfuti, wailesi. Azakhali anali atakhala pamphasa kumbali ya azimayi, ndipo anafunsa kuti, "Nanga ine mwandigawira kwa yani?" Anthu anaseka poyesa nthabwala, nkhani n'kupitirira. Bambo sanawalembetse paliponse, koma sanawavutitsenso. Shuga ndi sopo ankawagulira, ndipo ng'ombe zimene azakhali ankati ndi zawozawo, zidzukulu za zija zinakwera mapiri, sankazikhudza.

Kenaka ndinabwera ine, Milimo, ndi pepala la ku koleji ya zaulimi. Bambo anadwala matenda ofa ziwalo namwalira mu 2008, famu n'kugwera m'manja mwanga. Ndinagula nkhunzi ya mtundu wa Borani, yoyera, ya linunda ngati chulu, ndi misoti ya mtundu womwewo. Ndinadula msipu m'zigawo ndi waya. Ndinkafuna kuti munthu akamadutsa pamsewu aziona ng'ombe zofanana, zonenepa, osati tinyama ta mawangamawanga ta azakhali. Koma iwo anali ndi kankhunzi kawo kakuda, kotchedwa Kapitawo, kamene waya sikankamudziwa. Kankadumpha kapena kukwawira pansi, ndipo pofika nthawi yobereka misoti yanga yodula ija inkagwetsa timathole takuda ta miyendo ngati bango.

"Azakhali, kankhunzi kanu kandiwonongeranso mbewu. Tikafule."

"Amuna anga, nsanje imeneyo! Mnzanu akugwira ntchito, chimzungu chanucho chikungogona pamthunzi ngati bwana wa ku boma. Mufule chimenecho."

"Izi n'zamalonda, azakhali. Masiku ano ng'ombe amagula pa sikelo."

"Denkete akadzabwera mudzamuonetse sikeloyo."

Antchito ankaseka, ndipo ine zinkandiwawa kusekedwa pa famu imene ndinkati ndi yanga. Mbiri yonse ndafotokozayi ndinkaidziwa. Sindinganame kuti ndinadzaimva mochedwa kwa munthu wina. Ndinaimva kambirimbiri kuchokera pakamwa pa mwini wake, ndipo ng'ombe zija zikutsika kuphiri ndinaziona ndi maso angawa.

Mu 2010 maso a azakhali anachita ng'ala mpaka ankazindikira ng'ombe poipapasa nyanga. Ndinawatenga ndekha pagalimoto kupita nawo kuchipatala cha maso ku Zimba, ndipo madokotala anati agone sabata imodzi. Pobwerera, ndisanafike n'komwe ku Kalomo, ndinaima pambali pa msewu n'kuimbira foni munthu wa butchala kuti adzagule ng'ombe za azakhali. Lole inabwera Lachitatu masana, dzuwa likuswa mtengo. Amayi anatuluka m'khitchini, manja ali ndi ufa.

"Milimo, wawafunsa eni ake?"

"Ndidzawauza akabwera."

"Kuuza ndi kufunsa n'zosiyana, mwana wanga."

"Amayi, famu ino ikuyendetsedwa ndi ine."

Amayi anatembenuka. Analowa m'nyumba natseka chitseko, ndipo sanatuluke mpaka lole itapita. Tinakweza zonse, makumi awiri ndi zitatu, Kapitawo pomalizira atatimenyetsa pansi kawiri. Ndalama yake ndinakumbitsira mjigo ndi kugulira waya wina.

Tsiku lokawatenga azakhali ndinawapeza atakhala pabenchi panja pa chipatala, diso limodzi lili ndi thonje, linalo likuyang'ana chilichonse ngati la mwana. Atandiona anaomba m'manja.

"Mayo ine! Zaka zonsezi ndimati ndinakwatiwa ndi mnyamata wooneka, kani ndi chidazi ichi? Adokotala, bwezeranimoni ng'ala ija!"

Njira yonse ankawerenga mitengo, kutchula mitundu ya zitenje za azimayi a m'mbali mwa msewu, kuseka okha. Ine ndinkangoti "eya, eya." Ndinakonza mawu kuchokera ku Zimba mpaka pachipata cha famu, koma palibe limodzi limene linatuluka. Titalowa anati, "Musandipititse kunyumba. Nditsitseni kukhola, ndikamuone Namaluba. Chiberekereni mwana wake uja sindinamuonepo ndi maso."

Ndinawatsitsa. Anayenda okha osagwira ndodo mpaka pakhola lawo. Chipata chinali chotsegula, ndowe zitauma. Anaima nthawi yaitali. Kenaka anaitana, monga ankaitanira madzulo alionse, dzina limodzilimodzi, akuyang'ana cha kudambo. Atafika pakati analeka.

"Zili kuti?"

Ndinayamba za mbewu, za msika, za mjigo umene udzathandize tonse. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera okha.

"Zinapita liti?"

"Lachitatu."

"Nthawi yanji?"

"Masana."

"Munazimwetsa madzi zisanakwere?"

Sitinazimwetse. Woyendetsa lole anali pachangu, ndipo ine sindinaganizeko n'komwe. Koma ndinati, "Inde, zinamwa."

Anandiyang'ana ndi diso latsopano lija. "Mwanama, a Siamutwa," anatero, osakweza mawu. Chibadwire changa anali asananditchulepo choncho. Anatembenuka napita kunyumba kwawo, ndipo sanalire pamaso pa munthu.

Patatha masiku atatu Beenzu anafika kuchokera kuchigwa. Sanandikalipire. Anandipatsa moni mwaulemu, anafunsa za ana, kenaka anamanga katundu wa amayi ake: mabulangete awiri, mphika, kaliwo uja ndi nkhwangwa. Ndinati ndiwaperekeze pagalimoto. Beenzu anati, "Musavutike, bambo, mafuta adula. Basi ilipo." Azakhali anayenda wapansi mpaka kumsewu, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, amene anakhala pafamupo zaka pafupifupi makumi anayi. Ine ndinapita kukayendera waya kumbali ina kuti ndisawaone akutuluka.

Famu inakula, sindingabise. Mathole anayamba kubadwa oyera okhaokha. Patapita zaka ziwiri nkhunzi yanga inapambana pa chionetsero cha zaulimi ku Choma, ndipo mtolankhani wa wailesi anandiimika n'kundifunsa m'Chitonga kuti famu yotereyi inayamba bwanji. Ndinayankha mosajejema kuti agogo anga a Jelemiya Siamutwa anayamba ndi pulawo imodzi, njinga ndi thukuta lawo. Ndinati ife adzukulu tikungoponda m'mapazi awo. Anthu anandiombera m'manja.

Wailesi imeneyo imamveka mpaka kuchigwa. Beenzu anadzandiuza pambuyo pake kuti anali akusenda chinangwa pakhonde pamene mawu anga anatuluka. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, anakoka fodya wawo, n'kunena kuti, "Koma njinga ya achimwene ija inabereka, ati!"

Mawu amenewa atandipeza ndinatha sabata ndisakudya bwino. Mkazi wanga ndiye anati, "Bambo a Luyando, m'malo mozungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira, bwanji osangopita?" Ndinakweza misoti iwiri ya Borani, yabwino koposa m'khola, n'kutsika nayo mapiri.

Azakhali ndinawapeza pansi pa mtengo wa bwemba, kuseri kwa nyumba ya Beenzu. Anali atachepa thupi, koma pakamwa panali pomwepaja. Anadzuka, nazungulira galimoto, nasuzumira misoti ija m'kamwa ndi kumapazi.

"N'zokongola. Zidya chiyani kuno, miyala?"

"Ndizitumiza chakudya chake mwezi ndi mwezi."

"Ng'ombe yodikira phukusi ngati mwana wa sukulu yogonera! Bwererani nazo, zingafere pakhomo pa mwana wanga, anthu n'kumati ndazilodza."

Ndinagwada pafumbi pomwepo, Beenzu ndi ana ake akuona. "Azakhali, ndinalakwa. Pepani."

"Ndamva," anatero. "Koma pepani sakamidwa. Khalani pampando apo, mukudetsa buluku."

Anatuma mdzukulu kukapempha chambiko kwa anansi, poti pakhomopo panalibe chokama, ndipo ndinadya akundiyang'ana. Anandifunsa ngati dziwe la kudambo linaphwa chaka chimenecho, ngati mkuyu wa pafupi ndi dibi ukadalipo, ngati miyendo ya amayi ikutupabe. Za ng'ombe zawo sanatchule. Dzuwa litapendeka anati ndinyamuke, misoti ingavutike ndi kutentha. Ndinakwera nayo mapiri monga ndinatsikira nayo.

Anamwalira chaka chotsatira, mwezi wa Okutobala. Kwathu mwini ng'ombe akamwalira, khola lake amalitsegula n'kuthamangitsa ng'ombezo kuzungulira pamanda, kuti zitsanzikane naye. Azakhali analibe ngakhale imodzi. Bambo wina woyandikana nawo, amene anangowadziwa zaka zitatu zokha, anabwereketsa zake zitatu, zoonda, ndipo anyamata anazizungulitsa kawiri fumbi lili koboo. Ine ndinali nditabwera ndi mfule wonenepa woti aphere anthu. Beenzu anaulandira, poti olira anali ambiri ndipo anafunika kudya, koma anandikokera pambali nati, "Polengeza za amene athandiza, dzina lanu sitilitchula. Musakhumudwe." Ndinati sindingakhumudwe. Nyama ija itapsa anandibweretsera mbale, koma sindinaidye.

Titabwerera ku Kalomo ndinaitanitsa msonkhano wa banja. Ndinati tidule chigawo cha kudambo, tilembetse m'dzina la Beenzu, pamodzi ndi ng'ombe zoyambira. Mng'ono wanga Chilala ndiye anayamba kuyankha.

"Achimwene, mwagulitsa nokha, ndalama mwagwiritsa nokha, lero mukufuna tilipe tonse? Ana a agogo analipo khumi ndi anayi, adzukulu sitingawawerenge. Mukangodula kachigawo kamodzi, mawa aliyense abwera ndi chingwe chake choyezera. Famu ithera pomwepo."

Abambo aang'ono anavomereza. Wina anati papepala palibe dzina la Esitele. Wina anati anadya ndi kuvala za pafamu zaka zonsezo, nanga si malipiro amenewo. Amayi okha ndiwo anati, "Nonsenu muli pano, amayi anu anabwera ndi ng'ombe za yani?" Nkhani inangokhotera ku za feteleza.

Ndikanatha kulimbikira. Chikalata cha famu chili m'dzina langa, ndipo ndikanati ndidule palibe akanandigwira dzanja. Koma atakana ndinamva kupepukidwa mumtima, ngati munthu amene waitanira mlendo kuchakudya, mlendoyo n'kuyankha kuti wakhuta. Kupepukidwa kumeneko ndiko kumandichititsa manyazi koposa za lole ija, chifukwa tsiku la lole ndinkadzinamiza kuti ndikukonza famu, pamene tsiku la msonkhano ndinalibe chodzinamiza nacho.

Lero famu ili ndi ng'ombe zoposa mazana atatu, mijigo iwiri ndi nyumba ya malata ofiira imene imaonekera kumsewu. Mwana wanga Luyando akuphunzira za udokotala wa ziweto ndipo akuti adzaitenga. Amuna a Beenzu anamwalira, ndipo iye tsopano amagulitsa tinsomba ta kapenta pamphambano ya ku Batoka, pamene msewu wa kuchigwa umakumana ndi wa ku Lusaka. Ndimadutsapo kawiri kapena katatu pamwezi. Nthawi zambiri ndimayang'ana kutsogolo, ndipo pakaima basi yonditchinga ndimathokoza.

Mwezi wathawu ndinali ndi mkazi wanga, ndipo anati tiime, kunyumba kulibe ndiwo. Beenzu anandizindikira ndisanatsike. Anapukuta manja pachitenje, nandigwira dzanja ndi manja awiri, nafunsa za amayi ndi ana mmodzimmodzi. Anatiyezera mbale ziwiri n'kuonjezera kadzanja ka banyira. Kenaka anatembenukira azimayi anzake a pamzerepo.

"Anzanga, uyu ndi mwana wa msuweni wanga. Ali ndi famu yaikulu ku Kalomo, ng'ombe zoyera zokhazokha. Tinakulira kumeneko ife."

Sindinadziwe ngati ankanyadira kapena ankandilasa, ndipo nkhope yake sinandiuze. Azimayi aja anayang'ana galimoto yanga, anayang'ana ine, kenaka anayang'ana patapata wa Beenzu, amene anali womanga ndi waya. Mmodzi anati, "Oo, ndi abale anu eti?" Ndinalipira msangamsanga, ndinatsanzika, ndipo ine ndi mkazi wanga tinanyamuka.